Nyimbo ya Zisonga za Alvar

1. Lachitatu, m'chipinda cha piyano

Ylva Nordin anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene analemba nyimbo yake yoyamba yeniyeni. Zam'mbuyo zonse zinali zongotsanzira za pa wailesi: chikondi, chilimwe, kuvina. Iyi inali ina. Anailemba Lamlungu masana osadzukapo pampando.

Inabweranso pa nthawi yake. Kampani ina yojambula nyimbo ku Stockholm inkafuna achinyamata asanu ndi atatu oti akakhale mwezi wathunthu akuphunzira kwa akatswiri. Nyimbo za osankhidwawo zinali zoti zidzaulutsidwe pa wailesi ya dziko lonse. Nthawi yomaliza kutumiza inali Lachisanu, 4 koloko madzulo. Kuno kwathu ku Härnösand kunali kusanasankhidwepo munthu.

Lachitatu lililonse Ylva ankaphunzira kwa a Solveig Rehn ku sukulu ya zoimba ya m'tauni. Mayiwa anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 80. Nyuzipepala zikamatchula olemba nyimbo opambana m'dziko muno, dzina lawo silinkasowa. Nyimbo zawo timaimba pa maukwati, pa maliro ndi potsekera sukulu, moti ambiri amaziyesa zamakolo, zopanda mwini. Koma anali atasiya kulemba, ndipo palibe ankadziwa chifukwa chake.

"Lero watitengera chiyani?" anafunsa a Solveig akuvula mpango. "Mnyamata wa maso obiriwira wa m'nyimbo zako uja wakusiyanso pa gombe?"

"Ameneyo ndinamuthamangitsa."

"Wachita bwino, anali atatitopetsa. Imba timve."

Ylva anatenga gitala n'kuyamba motsitsa mawu:

*Unatuluka m'mawa pakhosi popanda kanthu,*
*ndinakuona pawindo, sindinakuitane.*
*Zisonga zako zili m'thumba mwanga, mchimwene,*
*zikundibaya mpaka lero.*

Inali ndi ndime zitatu. Atamaliza anaika gitala pansi. Kunja kunali kutada kale, monga kumachitira mu November, ndipo pawindo pankangooneka nkhope zawo ziwiri.

"Ndaphunzitsa muno zaka khumi ndi ziwiri," anatero a Solveig potsiriza. "Sindinamvepo ina yofika apa. Ukaitumiza akusankha."

Nkhope ya Ylva inawala.

"Tsono tandiuza. Tindra Öberg akudziwa?"

"Sindinatchulemo dzina la munthu."

"Ine ndine nkhalamba yogontha khutu limodzi, koma ndamudziwa usanafike pa kolasi. Tauni ino ili ndi mnyamata mmodzi yekha amene anamira pa ayezi, ndipo anasiya mlongo mmodzi yekha. Vala jekete undiperekeze kunyumba. Kunja kwaterera."

2. Zimene Tindra ananena

Tindra anali mnzake wa Ylva kuyambira ku mkaka. Mchimwene wake, Alvar, anamwalira mu February chaka chapitacho. Anapita kukawedza pa ayezi, madzi a kugombe oundana ndi kuzizira, ayeziyo n'kuthyoka.

Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti pa ayezi sapitapo wopanda zisonga pakhosi: tizigwiriro tiwiri ta misomali kunsonga, tomangidwa pa chingwe. Ukagwera m'madzi umabaya nato ayezi n'kudzikoka. Alvar anali wosamala, ndipo anthu anadabwa kuti tsiku limenelo analibe. Amene anamuvuula anati m'mphepete mwa dzenjelo munali mokandakanda mwa zala.

Miyezi inayi itadutsa, atsikana awiriwa ali pa kanyumba kodikirira basi, Tindra anangoyamba kulankhula maso ali pa msewu.

"Zisonga zija ndinabwereka ndine, Loweruka, popita kotsetsereka ndi anzathu. Lamlungu m'mawa Alvar anakuwa ali pansi pa masitepe, akuti, 'Tindra, waziona zisonga zanga?' Ndinali nditamukwiyira, anali atandiseka dzulo lake pamaso pa anzake. Ndinayankha kuti sindikudziwa, asandisokose. Chonsecho ndinkadziwa. Zinali m'thumba la jekete yanga yofiira. Zili momwemo mpaka pano."

"Amayi ako unawauza?"

"Ndikawauza ndiye kuti ataya ana awiri. Lumbira kuti sudzauza munthu."

Ylva analumbira. Kwa chaka chathunthu ndi miyezi ingapo sanauzedi munthu, mpaka Lamlungu limene anatenga gitala lija.

3. Sitima ya Lachinayi

Nyumba ya a Solveig inali pafupi ndi doko. Anafulula khofi, n'kuika mabanzi awiri a sinamoni pa mbale. M'chipinda chochezeramo munali piyano yaikulu yotseka, pamwamba pake atandandika miphika ya maluwa.

"Idya, nkhaniyi ndi yaitali," anatero. "Sindinaiuzepo wolemba nyuzipepala aliyense, ngakhale akhala akundifunsa.

"Ndinali ndi mng'ono wanga, dzina lake Margit. Tinakulira kumtunda uko, m'mudzi wa fakitale yocheka matabwa. Ali msinkhu wakowu anapatsidwa mimba. Masiku amenewo chinali chinthu chamanyazi koopsa. Amayi anamukweza sitima Lachinayi lina atamuveka chikhoto chachikulu cha malemu abambo, n'kuuza anthu kuti wapita kukathandiza azakhali. Anabwerako patatha miyezi isanu ali chimanjamanja. Mwana anamupereka kwa anthu ena. Tinkadziwa anthu atatu basi: amayi, Margit ndi ine."

Ylva anaika kapu pansi. "Sitima ya Lachinayi," anatero monong'ona. Nyimbo yawo yotchukayo anaiimbapo ku pulaimale atavala diresi loyera. Ankayesa kuti imanena za mtsikana wopita kukafuna ntchito.

"Yomweyo. Zaka zisanu ndi chimodzi zitadutsa ndinali ku Stockholm, ndikugona m'kachipinda kozizira, nyimbo zanga zonse akuzikana. Tsiku lina ndinakumbukira chikhoto chija, nyimbo n'kungotuluka yokha. Ndinadziuza zomwe wanena iwezi, kuti sindinatchule dzina. Ndinadziuzanso kuti atsikana ena atonthozedwa nayo. Ndipo anatonthozedwadi, makalata awo ndili nawo makatoni atatu. Koma kwathu kuja mtsikana amene anakwerapo sitima atavala chikhoto cha mwamuna anali mmodzi yekha.

"Nthawi imeneyo Margit anali pa chitomero ndi mnyamata wina woyendetsa basi. Mnyamatayo anamva za mwana uja pa wailesi ya m'basi mwake, anthu a m'mudzi atadzaza m'mipando. Ukwati unathera pomwepo.

"Margit sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangosamuka n'kupita kumpoto, ku Luleå, kukagwira ntchito yochapa zovala. Makalata anga ankabwerera osatsegula. Koma munthu ungamusamukire, nyimbo ayi. Inamutsatira m'sitolo, m'basi, pa maukwati a anzake. Anthu ankaimba pambali pake akumwetulira, ena n'kumamufunsa kuti bwanji sakuimba nawo.

"Ndinadzamuonanso patatha zaka makumi anayi, m'nyumba yosungira okalamba. Mutu wake unali utasokonekera. Dzina lake lomwe sankalidziwa, ine ndiye kaya. Ndinakhala naye m'mawa wonse ndikumupesa tsitsi, iye akundimwetulira ngati mlendo wabwino. Ndikuuze zoona, ndinakondwera. Ndinati wayiwala, mlandu wanga watha.

"Masana ake kunabwera kwaya ya ana a sukulu kudzasangalatsa okalamba. Aphunzitsi awo atamva kuti ndilipo anafuna kundilemekeza. Anawo atangoyamba mzere woyamba wa nyimbo ija, Margit anatseka makutu ndi manja onse awiri n'kuyamba kukuwa kuti, 'Musawauze! Musawauze!' Anamwino awiri anachita kumunyamula. Zonse anali atayiwala, mwana wanga, kupatula chimene ndinamuchita ine."

Ku doko kunkamveka chingwe chikugunda mlongoti wa boti.

"Anamwalira chaka chomwecho. Chiyambire pamenepo ndikaika zala pa piyano ndimamva mawu amene aja, osati mumtima ayi, koma kumbuyo kwangaku, ngati waima pakhomo. Nthawi zina ndimatembenuka. Ndiye ndinaitseka n'kuikapo maluwa."

"Koma inu ndinu katswiri," anatero Ylva. "Dziko lonse limatero."

"Amatero. Akatswiri enawo ndinadya nawo, ndikuwadziwa. Tonse tili ndi khutu lakuba. Munthu akamalira pa phewa lathu, khutu lina limamva chisoni, linalo limayeza ngati mawu akewo angakwane pa mzere. Khutu limenelo nawenso uli nalo, ndipo silidzachoka. Si tchimo kukhala nalo. Koma usanatulutse chimene latola, uyambe wafunsa kuti n'chandani. Chisoni chako lemba mmene ungafunire. Cha mnzako n'cha mnzako."

"Nanga ndituluka bwanji m'tauni muno? Nyimbo zanga zina zonse n'zachabechabe, mumanena nokha," anatero Ylva. "Mwina ndikamupempha Tindra avomera."

"Avomeradi, ukamupempha Lachisanu lisanadutse. Amakukonda, sangafune kukutsekera njira. Avomera pakamwa, kenako azidzathimitsa wailesi moyo wake wonse. Ngati ukufuna yankho loona, mufunse nthawi itadutsa, pamene kukana kwake sikukulanda kanthu. Koma kumuuza kokha umuuze ndithu. Chinsinsi chake chatuluka kale, si ine ndachimva? Amve kwa iwe.

"Sindikukuletsa kutumiza. Ine pakanakhala wondiletsa sindikanamumvera. Ndangokuuza mmene nyumba imakhalira pambuyo pake."

4. Mpaka 4 koloko

Lachinayi ku sukulu kunali supu wa nsawawa ndi zitumbuwa zopyapyala, monga mwa masiku onse. Tindra anakhala moyang'anana ndi Ylva, akupaka jamu wambiri.

"Iwe, nyimbo ya ku Stockholm ija watumiza?"

"Sinathe."

"Mawatu limeneli! Tandiimbira pang'ono. Kapena wayamba kale matama usanatchuke?"

"Ndati sinathe."

"Chabwino, mayi katswiri. Ukadzagula galimoto uzidzandiimira pa basi pomwe paja, usadzandiwaze matope." Tindra anaseka, kuseka kumene anali atangoyambiranso chilimwe chomwechi. Ylva anasiya chakudya chake chosatha.

Madzulo ake anayesa kusintha mawu. Pa zisonga anaikapo makiyi. Pa mchimwene anaikapo bwenzi. Ataiimba, nyimboyo inamveka ngati zinzake zakale zija. Anang'amba pepalalo.

Lachisanu ataweruka anapita ku laibulale n'kukhala pa kompyuta ya pakona. Analemba dzina lake, zaka zake ndi sukulu yake. Anaikamo nyimbo ija mmene anaijambulira poyamba. Panangotsala kudina batani limodzi. Wotchi ya pakhoma inkati 3 koloko yadutsa ndi mphindi makumi awiri.

Anavala zomvera za m'makutu kuti aimvere komaliza. Pa ndime yachiwiri panali mzere wonena za jekete yofiira. Ylva anakweza maso. Kuseri kwa galasi kunkadutsa bambo wina wovala zovala za ntchito ya kudoko, atawerama chifukwa cha mphepo. Sanali bambo ake a Tindra, koma ankayenda ngati iwo. Bambo akewo, a Rune Öberg, ankagwira ntchito m'galimoto yonyamula katundu, wailesi ikulira tsiku lonse.

Ylva anachotsa dzanja pa tebulo n'kulikhalira.

Anakhala choncho akuyang'ana wotchi. Mphindi khumi zomaliza zinali zowawa kuposa zonse. Itatsala imodzi dzanja lija linatuluka lokha, iye n'kulibwezera. Kenako 4 koloko inakwana, ndipo pa kompyuta panatuluka mawu oti nthawi yotumiza yatha, zikomo kwa onse amene atenga nawo mbali.

Analira pang'ono. Mayi woyang'anira laibulale anamubweretsera kapepala kopukutira osafunsa kanthu. Ylva anathokoza, anavala jekete n'kukakwera basi yopita kwa a Öberg.

5. Kwa a Öberg

Anavula nsapato pakhomo n'kukwera masitepe. Tindra anali chogona pabedi akuwerenga za mayeso.

"Watumiza? Tikondwere?"

"Sindinatumize."

"Wapenga?" Tindra anadzuka. "Chaka chonse ukungonena za Stockholm!"

Ylva anatseka chitseko n'kuima pomwepo. "Nyimbo yake ndi ya iwe ndi Alvar. Ndi ya zimene unandiuza pa basi paja. Ndinailemba Lamlungu, ndipo Lachitatu ndinawaimbira a Solveig. Anakudziwa. Ndaphwanya lumbiro, Tindra."

Tindra anamuyang'ana. Nkhope yake inayera.

"Unaikamo zonse?"

"Zonse."

"Ndi jekete yomwe?"

"Eya."

"Ine ndikukuuza chinthu chimene chimandilepheretsa kugona, iwe n'kumasaka mawu ogwirizana nacho?" Anaponya buku pansi. "Imba."

"Tindra, chonde."

"Ndati imba! Agogo a kudoko amva, mwini wake ndisamve?"

Ylva anaimba popanda gitala, mawu akuduka. Pa ndime yoyamba Tindra anali chilili. Pa yachiwiri anakhala pansi n'kutsamira bedi. Pa yachitatu anabisa nkhope m'mawondo, mapewa ake akugwedezeka.

"Ndi mmene zinalili," anatero mawu ali pansi. "Ndendende. N'chifukwa chake ndikudana nawe. Tuluka."

"Sidzamvekanso kwina kulikonse, pokhapokha iwe..."

"Tuluka, Ylva."

Ylva anatsegula chitseko n'kubwerera m'mbuyo. Pakhomopo panali pataima amayi ake a Tindra, a Kerstin, atanyamula basiketi ya zovala zochapa. Sankaoneka ngati angofika kumene.

Analowa pang'onopang'ono, anaika basiketi pabedi, n'kukhala pansi pafupi ndi mwana wawo. Tindra anafuna kudzuka koma anamugwira dzanja.

"Ndinazipeza sabata ya maliro yomweyo," anatero a Kerstin. "Ndinkafuna kuchapa jekete ija, ndiye ndinapisa m'thumba. Ndinakhala nazo m'manja mpaka kunja kunada. Kenako ndinazibwezera momwemo, jekete n'kuipachika osachapa."

"Amayi, munkadziwa?"

"Ndinkati ndidikire udzandiuze wekha. Mwezi unatha, kenako chaka. Ndinkaona ukuonda, ndinkamva ukuyendayenda m'chipinda muno, koma ndinkaopa kuti ndikayamba ndine, udzaganiza kuti ndikukuimba mlandu. Ndinalakwitsa, mwana wanga. Ndinakusiya wekha ndi katundu ameneyu, ine ndili chipinda chinacho."

"Ndinamunamiza, amayi. Anandifunsa, ine n'kunama."

"Unali mwana wokwiyira mchimwene wake m'mawa wa Lamlungu. Alvar anali wamkulu, ankadziwa kuti alibe zisonga, koma anapitabe. Ndamukalipira kumanda kuja kambirimbiri." Anamukokera pachifuwa, ndipo Tindra analira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro.

Ylva anayamba kusendera kukhomo.

"Usachoke," anatero a Kerstin osamuyang'ana. "Zako ndi Tindra mukambirana nokha, ndipo sizitha lero. Unalakwa kulemba, koma wachita bwino kubwera." Anapukuta nkhope ya mwana wawo ndi chala. "Pali chinthu chimodzi, Tindra. Abambo ako sakudziwa. Iwo amakhulupirira kuti zisongazo anazitaya ndi iwo, pokonza m'galaja sabata imene ija. Sanakuuze, koma amandiuza ine. Amati anapha mwana wawo."

Tindra anasiya kulira.

Panja panamveka galimoto ikuima, kenako chitseko chake chikutsekedwa. Munthu anaguguda mapazi pakhonde kuchotsa chipale chofewa, n'kutsegula chitseko cha pansi.

"Odi muno!" anaitana a Rune. "Nsapato ndikuziona zambiri, koma anthu ake ali zii. Kwagwanji?"

Tindra anadzuka, anatsegula kabati ya zovala n'kutulutsa jekete yofiira ya kumapeto kwenikweni. Anaipinda pa mkono n'kuyang'ana Ylva koyamba chimuthamangitsire.

"Sindinakukhululukire," anatero. "Koma uime kumbuyo kwanga."

Anayamba kutsika masitepe.